Estonia, Latvia ndi Lithuania: Momwe Analandidwira Ufulu ndi Momwe Anaubwezera (Mafunso ndi Mayankho)

Chiyambire pomwe Russia inalowa ndi nkhondo m'dziko la Ukraine mu 2022, mayina a Estonia, Latvia ndi Lithuania sakusowa pa nkhani za pa wailesi. Anthu akamva momwe atsogoleri a mayikowa amalankhulira, amadabwa kuti timayiko tating'ono chonchi tikulimba mtima ndi chiyani pokalipira chimphona chomwe tayandikana nacho. Ndasonkhanitsa pano mafunso omwe amabwera kawirikawiri pa nkhaniyi, kuyambira osavuta mpaka ofuna kukhalira pansi.

Kodi mayiko a ku Baltic ndi ati, ndipo ali kuti?

Ndi mayiko atatu omwe andandalika m'mphepete mwa nyanja ya Baltic, kumpoto chakum'mawa kwa Ulaya. Kumpoto kuli Estonia, likulu lake Tallinn. Pakati pali Latvia, likulu lake Riga. Kummwera kuli Lithuania, likulu lake Vilnius. Anthu onse a m'mayiko atatuwa ndi pafupifupi 6 miliyoni, osakwana ndi theka lomwe la anthu a m'Malawi. Onse atatu amachita malire ndi Russia.

Kodi si mtundu umodzi ndi anthu a ku Russia?

Ayi, ndipo munthu wa kumeneko mukamufunsa choncho mumamukhudza pachilonda. Zilankhulo za ku Latvia ndi Lithuania ndi zapachibale, koma wolankhula Chirasha sangazimve. Cha ku Estonia ndiye china chakechake, chibale chake chili ndi cha ku Finland. Onse amalemba ndi zilembo zomwe ifenso timalembera, osati za Chirasha. Pa chipembedzo, Lithuania ndi dziko la Akatolika, pomwe ku Estonia ndi mbali yaikulu ya Latvia mpingo womwe unazika mizu ndi wa Lutheran.

Ndani anayamba kuwalamulira?

Nkhaniyi siyambira kwa Stalin, wolamulira Soviet Union. Cha m'ma 1200 anthu a m'derali anali akupembedzabe milungu ya makolo awo, ndipo ankhondo achijeremani anabwera ndi mtanda kudzanja limodzi, lupanga kudzanja linalo. Bishopu Albert anakhazikitsa mzinda wa Riga mu 1201, a ku Denmark analanda Tallinn mu 1219. Mafumu apamwamba ankasinthana: Denmark, Poland, Sweden, kenako Russia ya Peter Wamkulu yomwe inalanda Riga ndi Tallinn mu 1710. Koma pansi pano zinthu sizinkasintha. Minda inali ya mabwana achijeremani, ndipo mwini nthaka anali wolimira bwana, wosaloledwa kuchoka pa esiteti popanda chilolezo. Amene anamvapo agogo akufotokoza za thangata ku Chiradzulu ndi ku Thyolo sangavutike kumvetsa. Ukapolo umenewu unathetsedwa pakati pa 1816 ndi 1819 ku Estonia ndi m'madera ambiri a Latvia.

Lithuania inayenda njira ina. Inakaniza ankhondo aja, mfumu yake Mindaugas inavekedwa chisoti mu 1253, ndipo mpaka lero amakumbukira zimenezi pa 6 Julayi, tsiku lomwenso Amalawi timakondwerera ufulu wathu. Dzikolo linakula mpaka kuyandikira Nyanja Yakuda, linalandira Chikhristu mu 1387, ndipo mu 1569 linalumikizana ndi Poland. Mu 1795 ufumu umenewo unagawidwa ndi oyandikana nawo, mbali yaikulu ya Lithuania n'kugwera m'manja mwa Russia.

Zaka zonsezo ali pansi pa ena, zilankhulo zawo zinapulumuka bwanji?

Zinapulumukira m'midzi, pakamwa pa alimi omwe mabwana ankawaona ngati osafunika kuwaphunzitsa chilankhulo cha m'tauni. Koma panalinso anthu omwe anazivutikira.

Kuyambira 1864 mpaka 1904 boma la Russia linaletsa kusindikiza mabuku a chilankhulo cha ku Lithuania m'zilembo zawo. Anthu anayamba kukasindikizira tsidya lina la malire, ku East Prussia, dera la Ajeremani, n'kumawalowetsa usiku atawabisa m'matumba, m'ngolo za udzu ndi m'zovala. Onyamula mabukuwa ankatchedwa knygnešiai, ndipo wogwidwa ankamangidwa kapena kutumizidwa ku Siberia. Amayi ankaphunzitsa ana kuwerenga pakhomo, buku la mapemphero lili pamwendo. Patatha zaka 40 boma linagonja lokha.

Ku Estonia ndi Latvia chida chachikulu chinali kwaya. Chikondwerero choyamba cha nyimbo chinachitika ku Tartu mu 1869, cha ku Riga mu 1873. Musaiwale za makwayawa, tidzakumana nawonso pa funso la 1988.

Nanga ufulu woyamba anaupeza liti?

Mu 1918, maufumu a Russia ndi Germany atagwa ndi nkhondo yoyamba ya dziko lonse. Lithuania inalengeza pa 16 Febuluwale, Estonia pa 24 Febuluwale, Latvia pa 18 Novembala. Kulengeza kokha sikunakwane: anamenyana ndi asilikali a Bolshevik, achikomyunizimu a ku Russia, komanso magulu ankhondo achijeremani, ndipo Lithuania inalandidwa mzinda wa Vilnius ndi Poland, likulu n'kukhala ku Kaunas. Mu 1920 boma la Soviet Russia linasayina mapangano a mtendere ndi dziko lililonse palokha, n'kulonjeza kuti lasiya mpaka kalekale kudzitcha mwini wa mayikowa. Mu 1921 onse atatu analowa m'bungwe la League of Nations.

Zaka zimenezo anagawira alimi minda ya mabwana aja ndipo maphunziro anayamba kuchitika m'zilankhulo zawo mpaka ku yunivesite. Sikuti zonse zinali bwino. Demokalase sinakhalitse: Antanas Smetona anatenga mphamvu zonse ku Lithuania mu 1926, Konstantin Päts ku Estonia ndi Kārlis Ulmanis ku Latvia anachita chimodzimodzi mu 1934.

Chinachitika n'chiyani mu 1939 ndi 1940?

Pa 23 Ogasiti 1939 nduna zoona zakunja za Stalin ndi Hitler, Molotov ndi Ribbentrop, zinasayina pangano losaputana. Kuseri kwake kunali chikalata chachinsinsi chogawana mayiko a eni. Estonia ndi Latvia anaikidwa mbali ya Soviet Union, ndipo patatha mwezi umodzi Lithuania nayo inasunthidwira komweko. Eni ake sanafunsidwe, monga momwe sitinafunsidwire ife pomwe Africa inkagawidwa pa tebulo ku Berlin.

Chaka chomwecho mayikowa anakakamizidwa kulola misasa ya asilikali a Soviet. Mu Juni 1940, maso a dziko lonse ali pa kugwa kwa Paris, Moscow inawapatsa maola ochepa kuti asinthe maboma ndi kutsegula malire. Akasinja analowa ku Lithuania pa 15 Juni, ku Latvia ndi Estonia pa 17 Juni. Atsogoleri anasankha kusamenyana poganiza kuti apulumutsa miyoyo, ndipo mpaka lero anthu amatsutsanabe ngati anachita bwino. Smetona anathawa. Ulmanis anafera m'ndende mu 1942, Päts anamwalira mu 1956 ali wotsekeredwa m'chipatala cha amisala ku Russia.

Koma boma la Russia limati mayikowa analowa mu Soviet Union mwa kufuna kwawo. Si zoona?

Zomwe limanena n'zakuti panachitika chisankho pa 14 ndi 15 Julayi 1940, ndipo aphungu osankhidwawo ndi omwe anapempha kulowa. Zisankhozo zinachitikadi. Koma zinachitika asilikali akunja ali m'misewu, mndandanda wa opikisana unali umodzi wokha wovomerezedwa ndi Moscow, ena ofuna kuima anachotsedwa kapena kumangidwa, ndipo wovota ankadindidwa chidindo m'chiphaso chake kuti adziwike amene sanapite. Zotsatira zinati oposa 90 pa 100 alionse avomera. Pofika pa 6 Ogasiti mayiko onse atatu anali atamezedwa.

Ine ndikuona kuti mtsutso umenewu unathetsedwa ndi Soviet Union yeniyeniyo. Kwa zaka 50 inkakana kuti chikalata chachinsinsi chija chinalipo, koma pa 24 Disembala 1989 nyumba yake ya malamulo inavomera kuti chinalipo, n'kuchitsutsa kuti chinali chosavomerezeka kuyambira tsiku lomwe chinasayinidwa.

Kodi nkhani yoti anthu ankatengedwa kupita ku Siberia inali yotani?

Apa ndi pomwe pagona mtima wa nkhani yonse, ndipo amene sanamvetse izi sangamvetse ndale za mayikowa lero.

Usiku wa pa 14 Juni 1941 zitseko zinagogodedwa m'mayiko atatu onse nthawi imodzi. Apolisi achinsinsi a NKVD ankabwera ndi mndandanda wa mayina: aphunzitsi, apolisi, asilikali, akuluakulu a boma, amalonda, alimi ochita bwino, pamodzi ndi mabanja awo. Mlandu panalibe, khoti panalibe. Banja linkapatsidwa mwina ola limodzi kuti lilongedze. Taganizirani mayi ali ndi mwana kumsana, akusankha pakati pa mphika ndi bulangete, osadziwa kuti komwe akupita madzi amauma gwa miyezi yambiri pa chaka. Pa siteshoni abambo ankauzidwa kuti akwere bogi ina, ati akakumana kutsogolo. Ambiri sanaonanenso: abambowo anapita ku ndende za ntchito yakalavulagaga komwe ochuluka anafa m'nyengo yozizira yoyamba yomweyo. Amayi, ana ndi okalamba anatsekeredwa m'mabogi onyamulira ng'ombe, chimbudzi chili kabowo pansi, ulendo wa masabata. Ena ankalemba timakalata n'kutiponya pa ming'alu ya bogi, ndipo anthu okhala m'mbali mwa njanji ankatitola n'kutitumiza kwa abale. M'masiku ochepawo anatengedwa anthu pafupifupi 10,000 ku Estonia, oposa 15,000 ku Latvia ndi pafupifupi 17,000 ku Lithuania.

Chachikulu chinadza kumapeto kwa Malichi 1949, pomwe anthu oposa 90,000 ananyamulidwa m'masiku anayi, ambiri mwa iwo amayi ndi ana. Cholinga chinali kuthyola msana wa alimi omwe ankakana kupereka minda ndi ziweto zawo ku minda yolimira pamodzi, yotchedwa kolkhoz, komanso kulanga mabanja odyetsa ankhondo a m'nkhalango. Zinathekadi: patangotha milungu yochepa alimi anayamba kulembetsa m'makolkhoz mwaunyinji. Stalin atamwalira mu 1953, otsala anayamba kubwerera, koma ankapeza nyumba zawo muli ena, ndipo dzina loti anali ku Siberia linkawatsekera sukulu ndi ntchito.

Ajeremani atabwera mu 1941, sanawapulumutse?

Ayi. Hitler anaukira Soviet Union pa 22 Juni 1941, patangotha sabata chichitikire zomwe tafotokoza pamwambapa, motero ambiri analandira asilikali ake ndi maluwa. Ufulu sanaubweze. Chomwe anabweretsa ndi kupha Ayuda, ndipo mbali imeneyi siyenera kubisidwa pofuna kukometsa mbiri ya anthu ovutika.

Vilnius unali umodzi mwa mizinda ikuluikulu ya maphunziro a Chiyuda ku Ulaya. Mwa Ayuda oposa 200,000 a ku Lithuania, oposa 90 pa 100 alionse anaphedwa, ambiri powomberedwa m'maenje ku Paneriai, ku Ninth Fort ya ku Kaunas ndi kunja kwa matauni ang'onoang'ono. M'nkhalango ya Rumbula pafupi ndi Riga, anthu pafupifupi 25,000 anaphedwa m'masiku awiri okha, pa 30 Novembala ndi pa 8 Disembala 1941. Olamula anali a Nazi, koma pakati pa ogwira mfuti panali eni dziko, monga gulu la Viktors Arājs ku Latvia. Analiponso ena omwe anabisa anansi awo achiyuda, podziwa kuti akagwidwa afa nawo limodzi. Mtundu womwe unachitiridwa nkhanza unalinso ndi ana ake omwe anachitira ena nkhanza, ndipo mayikowa akulimbanabe ndi kuvomereza zimenezi poyera.

Abale a M'nkhalango anali ndani?

Asilikali a Soviet atabwerera mu 1944, anthu masauzande ambiri anathawira ku Germany ndi ku Sweden, ena pa timaboti ta asodzi. Ena analowa m'tchire ndi mfuti, ndipo amenewa ndiwo Abale a M'nkhalango. Ankakhala m'mayenje okumbidwa pansi pa nkhalango kapena pansi pa khola, akudikira kuti America ndi Britain abwera kudzathandiza. Sanabwere.

Nkhondoyi inakula kwambiri ku Lithuania, komwe ankhondo pafupifupi 20,000 anaphedwa. Boma linkawatcha zigawenga. Mitembo yawo inkatayidwa pabwalo la msika, apolisi n'kubisala chapafupi kuti aone amene agwetse misozi. Mayi ankadutsa pa mtembo wa mwana wake nkhope ili gwa, chifukwa kulira kunali kupereka banja lonse ku Siberia. Mtsogoleri wawo Jonas Žemaitis anaphedwa ku Moscow mu 1954, Adolfas Ramanauskas ku Vilnius mu 1957. Ku Estonia, August Sabbe anakhala akubisala mpaka 1978, pomwe anafera mumtsinje apolisi achinsinsi a KGB akufuna kumugwira.

Koma Soviet Union sinawamangire mafakitale ndi nyumba?

Inamanga, ndipo moyo wa m'mayikowa unali wabwinoko poyerekeza ndi madera ena a Soviet Union. Funso lomwe eni ake amabweza ndi lakuti: inamangira yani? Mafakitale ankabwera ndi antchito ake ochokera ku Russia, Ukraine ndi Belarus. Ku Latvia eni dziko anali pafupifupi 75 pa 100 alionse nkhondo isanayambe, koma pofika 1989 anali 52. Ku Estonia anatsika kuchoka pa 88 kufika pa 61. Mlendo sankafunika kuphunzira chilankhulo cha pamalopo, pomwe mwini dziko popanda Chirasha sakanapita patali. Ndipo a ku Estonia, omwe ankaonera mozemba wailesi ya kanema ya ku Finland, ankadzionera okha momwe abale awo a tsidya lina la nyanja anawasiyira kutali.

Mfuti zitatha, anthu anangokhala chete?

Ambiri anakhala chete pagulu, n'kumauza ana zoona kukhitchini. Ena sanathe kupirira. Pa 14 Meyi 1972 mnyamata wa zaka 19, Romas Kalanta, anadziotcha ndi petulo pakati pa mzinda wa Kaunas, ndipo achinyamata anadzaza misewu masiku awiri. Chaka chomwecho ansembe ndi masisitere anayamba kulemba mobisa nyuzi yofotokoza kuzunzidwa kwa Mpingo wa Katolika, yomwe KGB inalephera kuithetsa mpaka 1989. Pafupi ndi mzinda wa Šiauliai ku Lithuania pali kaphiri komwe anthu amazikapo mitanda. Boma linagumula mitandayo kangapo kuyambira 1961, koma kukacha inkapezeka ina yazikidwa.

N'chifukwa chiyani amati ufulu wawo anaupeza ndi nyimbo?

Mtsogoleri wa Soviet Union, Gorbachev, atamasula pang'ono pakamwa pa anthu, madandaulo anayambira pa zachilengedwe: damu pa mtsinje wa Daugava ku Latvia, migodi ya phosphorite ku Estonia mu 1987. Ataona kuti boma labwerera m'mbuyo, anayamba kutchula zomwe zinali zosatchulika. Mu 1988 kunabadwa magulu a anthu wamba m'dziko lililonse, la ku Lithuania lotchedwa Sąjūdis. Ku Tallinn achinyamata ankachezera usiku pabwalo la makwaya aja, akuimba nyimbo zoletsedwa ndi kukweza mbendera yomwe kale ukapezeka nayo unkamangidwa. Pa 11 Seputembala chaka chimenecho anasonkhana anthu pafupifupi 300,000, m'dziko la anthu miliyoni imodzi ndi theka.

Kenako pa 23 Ogasiti 1989, patatha zaka 50 chisayinireni pangano la Molotov ndi Ribbentrop, anthu pafupifupi 2 miliyoni anagwirana manja kuchokera ku Tallinn, kudzera ku Riga, mpaka ku Vilnius. Ndi mtunda wa makilomita oposa 600, ngati kuchoka ku Blantyre kukafika ku Mzuzu. Mudzi uliwonse unauzidwa gawo la msewu loti ukaime, mabasi anatuta anthu kupita komwe kunali mipata, ndipo anthu ananyamula timawailesi kuti amve nthawi. Itakwana 7 koloko madzulo anagwirana. Mu mzerewo munali agogo omwe anabwerako ku Siberia, atagwira dzanja la adzukulu.

Ndiye kuti magazi sanakhetsedwe?

Anakhetsedwa. Lithuania inalengeza pa 11 Malichi 1990, motsogozedwa ndi Vytautas Landsbergis, kuti yabwezeretsa ufulu wake. Moscow inayankha potseka mafuta ndi gasi kwa miyezi yoposa iwiri. Zitakanika, usiku wa pa 13 Januwale 1991 akasinja anapita ku nsanja ya wailesi ya kanema ku Vilnius, komwe anthu opanda zida anaima moizungulira. Anthu 14 anaphedwa, ena powomberedwa, ena popondedwa ndi akasinja. Mmalo mothawa, khamu linachuluka kuzungulira nyumba ya malamulo, ndipo asilikali sanailowe. Ku Riga alimi anabwera ndi mathirakitala ndi malole a mitengo n'kutseka misewu, anthu akuotha moto panja m'chisanu usiku ndi usana. Pa 20 Januwale apolisi apadera a Soviet otchedwa OMON anapha anthu asanu kumeneko, ndipo pa 31 Julayi alonda asanu ndi awiri a pachipata cha Medininkai, pa malire a Lithuania ndi Belarus, anaphedwa.

Dziko loyamba kuvomereza ufulu wa Lithuania linali laling'ono, Iceland, mu Febuluwale 1991. Pa nthawi ya chiwembu cholanda boma chomwe chinalephereka ku Moscow mu Ogasiti, Estonia inalengeza ufulu wonse pa 20, Latvia pa 21. Soviet Union inavomera pa 6 Seputembala, ndipo pa 17 Seputembala onse atatu analowa m'bungwe la United Nations. Asilikali a Russia anachoka ku Lithuania mu 1993, ku Estonia ndi Latvia mu 1994.

Bwanji amakana mawu oti "anapatuka" ku Soviet Union?

Chifukwa amati sungasudzule ukwati womwe sunamange. Kwa iwo mayiko a 1918 sanafe, anangolandidwa. America inanena zomwezo pa 23 Julayi 1940 m'chikalata cha Sumner Welles, mkulu wa ku unduna wake woona zakunja, ndipo kwa zaka 50 akazembe a Latvia ndi Lithuania anapitiriza kugwira ntchito ku Washington, akuimira maboma omwe sankaoneka pa mapu. N'chifukwa chake Latvia inangobwezeretsa malamulo ake oyendetsera dziko a 1922, ndipo mu 2018 mayiko onse atatu anakondwerera zaka 100.

Nanga olankhula Chirasha omwe anatsalira m'mayikowa?

Funso lovuta, ndipo ndi mwana wa yankho lapitali. Lithuania, komwe obwera anali ochepa, inapereka unzika kwa onse okhalamo. Estonia ndi Latvia anaupereka kwa omwe anali nzika mu 1940 ndi ana awo, ena onse n'kuuzidwa kuti alembe mayeso a chilankhulo ndi malamulo. Ku Latvia anthu oposa 700,000 anatsala opanda unzika, osaloledwa kuvota. Eni dziko amati sakanalola kuti omwe anabweretsedwa ndi wolanda agamule tsogolo la chilankhulo chomwe chinatsala pang'ono kumira. Ndimawamvetsa. Komabe munthu wobadwira ku Riga, amene sanasankhe komwe makolo ake anatumizidwa kukagwira ntchito, nayenso ali ndi dandaulo lomveka. Chiwerengerocho chatsika kwambiri, ndipo kuyambira 2020 ana obadwa ku Latvia kwa makolo otere amakhala nzika pobadwa.

Lero akuopabe chiyani, poti ali mu NATO?

Analowa mu NATO, mgwirizano wa chitetezo wa mayiko a azungu, ndi mu European Union mu 2004, ndipo anathamangira dala, pokumbukira kuti mu 1940 kusakhala mbali kwawo sikunawateteze. Mu 2007 boma la Estonia litasuntha chipilala cha msilikali wa Soviet pakati pa Tallinn, makompyuta a mabanki ndi a boma anaukiridwa kudzera pa intaneti kwa milungu ingapo. Russia italanda dera la Crimea ku Ukraine mu 2014 iwo anati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe, ndipo kuyambira 2017 kuli asilikali a NATO otsogozedwa ndi Britain ku Estonia, Canada ku Latvia ndi Germany ku Lithuania. Akamva kuti ana a ku Ukraine akutengedwa kupita ku Russia, kapena kuti m'madera olandidwa mwachitika chisankho asilikali ali pakhomo, kwa iwo ndi nkhani ya agogo awo yomwe yabwereranso. Poyerekeza ndi kukula kwa chuma chawo, ali m'gulu la mayiko omwe athandiza Ukraine koposa.

Kodi pali chomwe chinkawamangirirabe ku Moscow pambuyo pa 1991?

Magetsi. Kwa zaka zoposa 30 chibwezereni ufulu, mawaya awo anali olumikizidwabe ku dongosolo la Russia ndi Belarus, lomwe kayendedwe kake kankawongoleredwa ku Moscow. Anayamba amanga mawaya atsopano opita ku Finland, Sweden ndi Poland. Pa 8 Febuluwale 2025 anazimitsa kulumikizana kwakaleko, anayenda paokha tsiku limodzi poyesa ngati zonse zili bwino, ndipo pa 9 Febuluwale analumikizidwa ku magetsi a Ulaya kudzera ku Poland.